Choka Pampando Wangapo

Mpaka lero kwathu ku Kasakula kuli anthu amene akandiona ndanyamula chikwama cha kompyuta amalambalala. Sindiwaimba mlandu ayi.

Ine ndimagwira ntchito pa Dowa Boma, ndipo kunyumba ndili ndi kakompyuta kakale komwe ndinakasandutsa nkhokwe ya makanema. Odziwa amati seva. Ukasungamo kanema, iko kamamutumiza pa foni, pa laputopu kapena pa tivi. Ndinkanyada nako ngati mwana wachisamba.

Patatha chaka malume aakulu atatisiya, banja linagwirizana zomanga chiliza. Azakhali, mkazi wa malemuwo, anandiitanira pambali.

"Mwanawe, akuti uli ndi kanema wa malume ako wa paukwati wa Esinati uja. Ndikufuna ndione nkhope yawo kamodzi kokha. Chithunzi chomwe ndinali nacho chinadyedwa ndi chiswe."

"Azakhali, muwaona ngati ali pompano," ndinayankha ndikudziguguda pachifuwa. (Pakamwa pangapa padzandiphetsa tsiku lina.)

Kanemayo ndinamuyesa pa foni, anaoneka bwinobwino. Pa laputopu chimodzimodzi. Koma tivi yoonetsera kumudziko inali yobwereka kwa akatekisiti, yakalekale, ndipo sindinayeserepo. Ndinangoti tivi ndi tivi. Sindinaganizire kuti kanemayo anajambulidwa ndi foni yamakono, yomwe imapanikiza zithunzi mwa njira yake yatsopano. Tivi ya akatekisiti mawu inkawadziwa, koma zithunzi za mtundu umenewo inali isanazionepo chibadwire.

Tsikulo tinachoka kumanda masana, kukuzizira koopsa. Chifunga chinali chitatsika m'mapiri moti nyumba yoyandikana nafe sinkaoneka. Anthu anadzaza pabalaza pa azakhali, ine n'kutseka makatani kuti zithunzi ziwale. Malume aang'ono, mng'ono wa malemu, anakakhala pa mpando wandalema wa akulu awo, mpando womwe palibe anaukhalapo chichitikire maliro. Ena anangoyang'anana.

Ndinalumikiza tivi ndi seva yanga, yomwe ndinabwera nayo m'chikwama, ku batire la sola, n'kudina. Tivi inangoti bii, mdima wokhawokha. Chete. Kenako mumdimamo munamveka kutsokomola, chifuwa cha fodya chija chomwe tonse tinkachidziwa.

"Iwe!" anatero mawu a malemu. "Choka pampando wangapo!"

Abale anga, ine ndinkadziwa bwino kuti paukwati paja malume ankathamangitsa chidakwa china. Ndinali nditamuonera kanemayu kangapo. Koma chala chinakana kudina chilichonse.

Seva yanga, poona kuti tivi yalephera, inayesa kusintha kanemayo payokha kuti agwirizane nayo. Mphamvu inalibe, nkhalamba ya kompyuta. Mawu anayamba kudukaduka: "Choka... choka... choka..." Ndiyeno pagalasi panabwera kamzere kobiriwira, ndipo pakati pake panali diso limodzi la malume, likuyang'ana ndithu kumene kunali mpando.

Akatekisiti anayamba pemphero ali kale pakhomo. Amayi ena anagwetsa benchi, ana n'kuyamba kulira. Malume aang'ono, munthu wodandaula nyamakazi chaka chonse, anatulukira pawindo n'kuzimirira m'chifunga muja akukuwa kuti, "Achimwene pepani, ndimangouyesa!" (Anakawapeza kudimba, atagwira mtengo wa nthochi.)

Nditakwanitsa kuzula chingwe, ndinaganiza kuti ndatsala ndekha. Ayi. Azakhali anali phee pamphasa pawo, akuyang'anabe tivi yozimayo. Manyazi anandigwira kwambiri. Chinthu chimodzi chokha chomwe mayiyu anandipempha, ndinachisandutsa chipwirikiti pamaso pa abale onse.

"Azakhali, mundikhululukire," ndinatero nditagwada. "Si mzimu ayi, ndi fayilo chabe. Tiviyi siitha kuwerenga mtundu umenewu. Ndikaisintha ku Dowa, Loweruka muwaona."

Sanandiyang'ane n'komwe. "Bwezera chingwecho," anatero.

"Koma sipaoneka kanthu."

"Ndamva. Bwezera."

Ndinabwezera. Mdima uja unabweranso, kutsokomola kuja, kukalipa kuja. Azakhali anatseka maso n'kumwetulira, misozi ikutsika.

"Ndi omwewo," ananong'ona. "Ine ndimayesa ndaiwala nkhope. Nkhope ndikuiona bwinobwino ndikatsinzina. Chomwe chinandithawa ndi mawuwa."

Loweruka ndinabweradi ndi fayilo yokonzedwa, ya mtundu wakale womwe tivi iliyonse imawerenga, ndipo ndinaiyesera kaye kunyumba kwa akatekisiti (iwo ali panja). Azakhali anaonera kamodzi, nathokoza mwaulemu. Kenako anandikoka malaya.

"Nanga yowonongeka ija usaitaye. Iyi ndimaona munthu wa paukwati, wovala jekete lobwereka. Koma ija, malume ako amakhala ngati ali kuchipinda."

Masiku ano kanema aliyense ndimamuyesera pa tivi yomwe adzaonekerepo, ndipo aliyense wondifunsa ndimamulangiza chomwecho. Koma ndikapita kumudzi, ndimatseka makatani ndekha n'kuwaikira azakhali yowonongeka ija pa tivi ya akatekisiti yomweyo, ife awiri titakhala mumdima kumvetsera malume akutsokomola.