Batani la Polishi

Lolemba

Lero ndapatsidwa ntchito yosafuna pakamwa. Mulungu ndi wabwino.

Kalabu yathu ya alimi a zinanazi ili ndi webusaiti. Anaipanga ndi achimwene anga a Fatsani. Tsopano apeza ntchito ku Limbe, ndiye a Namakhwa, tcheyamani wathu, afunsa pamsonkhano amene angaitenge. Aliyense wayang'ana pansi. Ine ndinali nditayang'ana kale pansi chifukwa ndimakolopa pakhomo, koma achimwene aloza ine. Ati ndimatha kuwerenga ndipo sindigwetsa zinthu.

Pangano lake ndi ili. Loweruka kukubwera mayi wina wa ku Blantyre wopanga jamu, ndipo asananyamuke adzayamba waona webusaitiyo. Ikakhala bwino, ndizikhala mu ofesi, m'mawa kukolopa, masana pa kompyuta. Ikapanda kukhala bwino, ndipita kumsewu pa Limbuli kukagulitsa ndi anzanga. Kumsewu amakuwa. Amathamangira minibasi, kukweza chinanazi pawindo, "Zotsekemera! Zotsekemera!" Ine ngakhale odi wanga anthu samumva. Amangondipeza nditaima pakhomo.

Zoti ndiike:
- chithunzi cha a tcheyamani atanyamula chinanazi
- nambala yatsopano ya foni
- njira yofikira kuno

Achimwene andiphunzitsa chikwama chili kale kumsana. Pasiwedi apa, polemba apa, zithunzi apa, ukamaliza ukanikize batani. Minibasi yaliza hutala, athamanga. Koma mabatani alipo awiri! Lina lalembedwa dirafuti, lina pabulishi.

Dirafuti ndikuidziwa. Ndi ija amasewera amuna pansi pa mtengo wa mango ndi zitsekero za mabotolo, imene amayi amati ndi ya anthu osowa chochita. Sindingayambe kusewera pa kompyuta ya kalabu tsiku loyamba. Pabulishi sindikumudziwa, koma akumveka ngati m'bale wake wa polishi, ndipo polishi ndiye ntchito yanga. Chinthu ukachimaliza umachiwalitsa.

Lachiwiri

Zala zanga n'zouma ngati chinangwa. Chilembo chilichonse ndikuchisaka ngati mwala mumpunga. Ndaganiza zoyamba ndazolowera ndisanakhudze zinthu zenizeni. Ndatsegula tsamba loyera, ndikungolemba zimene ndikuona, monga tinkalembera pamchenga ku Sitandade 1, mphepo n'kubwera kudzafufuta.

Ndalemba kuti mvula ikutsika m'phiri. Denga likudontha pa kabati. A Namakhwa amagona pamsonkhano, ndipo akadzidzimuka amati, "Mfundo yabwino imeneyo," ngakhale munthuyo amangopempha mpando.

Ndapolisha. Pamwamba patuluka kamzere kobiriwira. Mtima mbee!

Chithunzi chalowa, koma a tcheyamani agona chammbali, chinanazi chili pakhutu ngati pilo. Chikugwirizana ndi zomwe ndalemba, koma si dala. Mawa ndiwadzutsa.

Chondidabwitsa ndi ichi: pakamwa panga mawu ndi ochepa, koma m'zala muli ambiri. Sindimadziwa. Kaya amakhala kuti zaka zonsezi. Mwina munthu aliyense wofatsa ndi nkhokwe yopanda khomo basi, osati yopanda chimanga.

Lachitatu

Ndawatembenuza a tcheyamani. Aima ndi mutu. Ndawatembenuzanso n'kudula m'mbali kuti akwane. Mutu wapita! Pangotsala jekete ndi chinanazi. Ndisanaupeze, netiweki yathawa, ndakhala ndikuyang'ana kanthu kozungulirazungulira mpaka masana.

Itabwerera ndinalibenso mtima wosaka mutu, ndiye ndapitiriza kuzoloweretsa zala. Ndalemba zimene anandiphunzitsa mayi a Nakoma, omwe munda wawo uli kumtunda ndipo umabereka zinanazi zing'onozing'ono. Chinanazi chachikulu chimakoma m'maso basi, mkati ndi madzi. Chotsekemera ndi chaching'ono, chonunkhira kutsinde. Kumsewu timaika zazikulu pamwamba pa mulu chifukwa anthu a m'minibasi amagula ndi maso. Zazing'onozo timadya tokha.

Kenako ndalemba zimene sindinauzepo munthu, ngakhale amayi. Kuti ndimaopa kumsewu. Kuti ndikatsegula pakamwa kuti ndikuwe, mawu amabwerera m'mimba, ndipo anthu akandiyang'ana ndimaiwala dzina langa lomwe. Nditalemba ndamva kupepuka, ngati ndatula ndowa pamutu.

Ndapolisha zonse.

Nambala ya foni sinalowe. Iyenera kukhala pa tsamba lakutsogolo, lotchedwa homu, pomwe pali dzina la kalabu. Mawa.

Lachinayi

Zachilendo lero.

- Mayi a Nakoma abwera kuchokera kumsewu ali odabwa. Mphunzitsi wina watsika panjinga, wayamba kufukula mulu, kusiya zazikulu, kumanunkhiza zazing'ono kutsinde. "Wamuuza ndani ameneyu?"
- A Namakhwa alandira foni kuchokera kwa mwana wawo wa ku Lilongwe. Akuwafunsa ngati akumapeza tulo mokwanira, akuti apite akayezetse shuga.
- Pamsonkhano wa masana wina wapempha kuti atsegule windo, ndipo kumbuyo kwamveka mawu, "Mfundo yabwino imeneyo." Onse aseka, kupatula a tcheyamani ndi ine.

Ndakhala ndikuganiza. Zikuoneka kuti anthu akakhalira limodzi nthawi yaitali amayamba kuganiza zofanana. Ine ndikaganiza chinthu mwakachetechete mu ofesi, mawa lake chili pakamwa pa anthu. N'zokoma ndithu, ndiye kuti sindili ndekha monga ndimaganizira. Ndalemba zimenezinso, ndapolisha.

Pambali pa mawu oti komenti pabwera kambulunga kofiira. Sindinakakhudze. Zofiira ndi za achimwene.

Mutu sunapezeke. Nambala mawa.

Lachisanu

Achimwene aimba foni. Moni sanapereke.

"Chemwali, pabulishi si polishi."

Akuti pabulishi ndi kuulutsa, kuti dziko lonse lione. Dirafuti ndiye kabati, mosungira zosapsa, mmene saona munthu. Sewero mulibemo! Akuti wina wa ku esiteti ya tiyi anapeza zimene ndinalemba za tulo ta a tcheyamani, n'kuziponya pa gulu la pa foni la kutchalitchi. Kuchoka apo zayenda mpaka kwa amalume ku Joni.

Ndakhala pansi, pa simenti yomwe ndinapolisha ndekha m'mawa. Ikuwala bwino.

Ndatsegula kambulunga kofiira kaja. Ndi anthu, alemba pansi pa mawu anga:

"A Namakhwa enieni amenewo, kutchalitchinso n'chimodzimodzi."

"Mutu wa bambowo mwausiya kuti?"

"Mwana iwe usaope. Ine ndinayamba kukuwa pamsika nditabereka kale."

Awa omalizawa sindikuwadziwa, koma iwo akundidziwa mpaka m'mimba. Ndikuchita manyazi ngati mpanda wa bafa wagwa ndili mkati. Komabe ndawawerenga mobwereza.

Achimwene ati ndifufute msanga, kabini ka zinyalala kali pambali, iwo akulowa ntchito. Ndaponya mubini. Chimene ndaponya ndi homu! Tsamba lakutsogolo lapita ndi dzina la kalabu lomwe. Zolemba zanga zonse zatsala, ndipo tsopano ndi zimene zikulandira alendo pakhomo, pamodzi ndi jekete lopanda mutu.

Magetsi azima. Foni ya achimwene sikupezeka.

Loweruka

Mayi wa jamu wafika. A Namakhwa avala jekete lomwe lija, ayala zinanazi zikuluzikulu patebulo. Mayiyo sanazikhudze n'komwe. Akufuna zazing'ono, zonunkhira kutsinde, sabata iliyonse. Kenako akufuna aone amene analemba.

Ine ndili m'kachipinda ka matsache, kuseri kwa matumba. Ndikumva zonse. Mayi a Nakoma amuuza kuti ndatumidwa kutali, ngakhale patapata wanga ali pakhomo pa kachipindako.

Mlendo atapita, msonkhano. A Namakhwa sanagone ngakhale pang'ono, koyamba chiyambire kalabu. Ati za tulo sanakwiye nazo, ukalamba ndi wawo. Koma mamembala ambiri minda yawo ili kumunsi ndipo imabereka zazikulu. Tsopano mpaka aphunzitsi akufukula milu, nanga zazikuluzo agula ndani? Akunena zoona. Zimene ndinalemba si bodza, koma zakweza mabanja ochepa n'kutsitsa ambiri, ndipo ine ndimangozoloweretsa zala.

Zomwe agwirizana:
- pasiwedi isinthidwe
- webusaiti aziyendetsa achimwene kuchokera ku Limbe komweko
- ine Lolemba kumsewu, ndikagulitse zazikulu zomwe ndinazinyozazo

"Mfundo yabwino imeneyo," atero a Namakhwa, maso ali gwa. Palibe waseka.

Potuluka, mayi a Nakoma andiika kachinanazi m'manja. "Udzaime pafupi ndi ine. Tsiku loyamba kukuwa n'kwanga." Ndafuna kuthokoza. Ndangogwada pang'ono.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo, mpango mpaka m'maso. Amayi ena ondidutsa osandiona zaka zonsezi andipatsa moni pondiitana dzina.

Pobwerera ndadutsa pa mtengo wa mango. Amuna aja ali pa dirafuti. Ndaima chapatali ngati ndikukonza chitenje, ndikuonerera koyamba m'moyo wanga. Bambo wina wanyamula chitsekero, wachiyendetsa, koma chala sanachotse. Waganiza, waganiza, n'kuchibweza pomwe chinali. Mnzake sanadandaule. Chala chikadalipo ndiye kuti sunayende. Kani dirafuti ndi imeneyi! Amayi sanandiuze.

Webusaiti achimwene aikonza. Homu wabwerera, mutu wabwerera, nambala yalowa. Zanga zonse azichotsa. Ikuoneka bwino kwambiri, ngati nyumba yosesedwa yomwe simukhala munthu.

Masana ndapita kuseri kwa nyumba kukayeserera. Ndanyamula chinanazi chachikulu m'mwamba, ndatsegula pakamwa. "Zotsekemera." Latuluka liwu ngati la udzudzu. Nkhuku imene imapalasa pafupi sinatembenuke. Ndayesanso, lakanirira pakhosi. Ndaona kuti si mantha okha. Liwuli silikufuna kutuluka chifukwa ndikudziwa za mkati mwa chinanazicho, ndipo dziko lonse likudziwa kuti ndikudziwa.

Ndiye ndayesa lina. "Zazikulu!"

Limeneli ndi loona. Nkhuku yadzutsa mutu, yandiyang'ana ndi diso limodzi, n'kupitiriza kupalasa.

Sinagule. Koma yamva. Mawa kumsewu basi.