Ndinalavulira m'kapu, osati m'mbiya

Ndiyambe ndi kukonza bodza. Sindinalavulire m'mbiya. Ndinalavulira m'kapu, kapu yangayanga yachitsulo, yoyera, ya mkombero wabuluu, imene ndinagula ndisanakwatire. Anthu a kuno ku Fort Lister akhala akuikhotetsa nkhaniyi kwa zaka zoposa makumi anayi, ndipo mwezi wathawu, pa ukwati wa mdzukulu wanga, mayi wina amene nthawi imeneyo anali asanabadwe n'komwe anavundikira ndowa ya thobwa ndi lichero atangondiona ndikuyandikira. Ndiye ndati ndilembe ndekha, pakuti mapepala onse a nkhaniyi ndili nawo. (Ine sinditaya pepala. Dzino limene anandizula kuchipatala linapita kalekale, koma pepala lake lilipo.)

Zinachitika patatha zaka ziwiri chichokereni njala yaikulu ija ya fote naini. Ndinali nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi, nditangokwatira Esinati, ndikukhala chikamwini kwawo m'munsi mwa Michesi. Apongozi anga aakazi anandipatsa munda, ndipo sunali munda wamasewera: tsekera, zitsa, ndi miyala yogubuduka kuphiri. Mvula inali pafupi, ine mzere ndi umodzi womwe ndinali ndisanaunde, ndipo m'mudzi anali atayamba kunong'onezana kuti mkamwini uyu manja ake ndi a choko basi.

Njira inali imodzi, kuitana dima. Kwa ana a masiku ano amene simudziwa, dima ndiko kuitana anzako kuti adzakulimire tsiku limodzi, iwe n'kuwakonzera chakumwa. Akatswiri a khasu kwathu ambiri anali Asilamu, ndipo amene ankawasonkhanitsa anali Che Bwanali, wogulitsa mchere ndi matemba. Choncho za mowa panalibe. Linafunika thobwa, lotsekemera, mbiya ziwiri. Thobwa likalephereka, dima palibe. Dima likalephereka, munda ugona. Ndipo mkamwini wogoneka munda, masiku amenewo, ankamukumbutsa mwaulemu njira ya kwawo.

Apongozi anayamba ntchito sabata yathunthu tsikulo lisanafike. Ananyika mawere, n'kuwafunditsa masamba a nthochi mpaka atamera, n'kuwayanika, n'kuwasinja. Chimenecho ndicho chimera, ndipo mawere chaka chimenecho anali osowa kwambiri moti nkhuku ikayandikira lichero inkathamangitsidwa ngati yaba mwana.

Tsono ine ndinali ndi pepala. Kusukulu ya uphunzitsi tinaphunzirapo za chimera, ndipo ndinalemba zonse ndi dzanja langa. Lili pano patebulo pamene ndikulemba, likuti: "M'chimera muli kanthu kosaoneka ndi maso kotchedwa enzaimu. Kanthuka kamaduladula sitachi, chinthu chimene chimalimbitsa phala, n'kumusandutsa shuga. N'chifukwa chake phala limasungunuka ndi kutsekemera. Kanthu konga komweka kalinso m'malovu a munthu. Kutentha kukamakwera, kamagwira ntchito msanga." Mawu omalizawo ali m'munsi mwenimweni mwa tsamba, ndipo ndinawadula mzere kawiri. Sabata yonseyo ndinkazungulira lichero la chimera, pepala lili m'manja, mtima ukundiwawa kuti anthu awa akhala akuphika thobwa chibadwire osadziwa chimene akuchita.

Dima linali la Loweruka. Lachisanu masana nditabwera kunyumba kuchokera kusukulu ndinapeza pabwalo pali zii. Mbiya ziwiri zili pamafuwa, zodzaza phala la mgaiwa, koma nkhuni zonse azisolola pamoto. Chimera chili pambali, chovundikira. Esinati ndi amayi ake apita kumtsinje.

Ndinaima pamenepo, ndinakwiya. Phala likuzizira! Kutentha konseko, kumene pepala langa likuti ndiko kumafulumizitsa ntchito, kukungouluka pachabe, eni ake ali kumtsinje kukamba za eni. Ndinavula jekete, ndinabwezera nkhuni, ndinauzira moto mpaka maso kufiira. Phala litayamba kubwata, kulavula thovu ngati lakwiya nane, ndinakhuthulira chimera chonse, theka umu theka umu, n'kutakasa ndi mthiko. Ndinayang'ana wotchi, ndinalemba nthawi. (Pepala la nthawilo liliponso. Likuti itangokwana thu koloko.)

Ndinadikira. Phala lili nji. Ndinatakasanso, mthiko unaima wokha pakati pa mbiya ngati mtengo wa mbendera. Ndinalawa. Phala. Ndinaonjezera nkhuni, poganiza kuti mwina enzaimu ya kuno ku Phalombe ndi yaulesi. Ndinalawanso. Phala lomwelo, tsopano lonunkhirako kupserera.

"Aphunzitsi, mukutani pamoto?"

Anali Esinati, mtsuko uli pamutu. Anayang'ana mbiya, anayang'ana lichero lopanda kanthu, anatula mtsuko pang'onopang'ono ngati watula maliro.

"Chimera chili kuti?"

"Chili pa ntchito," ndinatero.

Apongozi anali m'mbuyo mwake. Muyenera kudziwa kuti mwambo wathu sunkalola mkamwini ndi apongozi aakazi kuyang'anana kapena kulankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Choncho iwo anasuzumira m'mbiya, anakhala pansi atandifulatira, nkhope ataloza kunkhokwe, n'kuyamba kundizenga mlandu kudzera mwa mwana wawo, ine ndili chiimire mapazi asanu okha kuchokera pamsana pawo.

"Esinati, tawafunsa amuna akowo. Kwawoko thobwa amaphika ndi amuna?"

"Esinati, auzeni amayi kuti iyi ndi sayansi."

"Uwafunse, sayansiyo amamwera chikho, kapena amaomola ndi chipande?"

"Auzeni kuti kutentha kumafulumizitsa enzaimu. Zinalembedwa."

"Uwauze kuti chimera n'chamoyo. Sachithira m'phala lowira. Achipha."

Esinati sanapereke uthenga ndi umodzi womwe. Ankangotembenuza mutu uku ndi uku, kenaka anakhala pamtondo n'kubisa nkhope m'chitenje. Ndinkayesa akulira. (Anadzandiuza patapita zaka kuti ankaseka. Izinso sindinazikhululuke bwinobwino.)

Munthu wanzeru akanapepesa pamenepo. Ine ndinatapa phala m'kapu yanga ija n'kuzemba nalo kuseri kwa nkhokwe, pakuti ndinali nditakumbukira mzere wina wa papepala, wa malovu uja. Ndinkafuna kungoyesa, ine ndekha, mwakachetechete, monga amachitira anthu ophunzira. Pofika kuseriko phala linali litapolako. Ndinalavuliramo katatu. Ndinavundula ndi kamtengo. Ndinadikira, maso pa wotchi.

Abale, linasungunuka.

Phala lija limene linaimitsa mthiko linayamba kuyenda m'kapu ngati mkaka. Ndinalawa, ndipo kunsonga kwa lilime kunali kutsekemera, kochepa koma koona. Sindinasangalalepo chotero, ngakhale tsiku limene ndinalandira satifiketi. Kanthu kosaoneka kaja, kamene ndinkangokadziwira pa bolodi, kanali m'kamwa mwanga momwe, kakugwira ntchito kuseri kwa nkhokwe ya apongozi! Ndinatulutsa pensulo. Ngati kapu imodzi ifuna katatu, nanga mbiya ziwiri? Ndinapeza kuti pafunika anthu khumi ndi anayi, olavula mosapumula mpaka dzuwa kupendeka. (Masamuwo ndawabwereza posachedwapa. Alibe cholakwa.)

Ndinatulukira pabwalo ndikuthamanga, kapu m'mwamba.

"Esinati! Lapulumuka thobwa! Malovu agwira ntchito! Itanani anthu khumi ndi anayi, aliyense angolavulira m'mbiyamu, pofika madzulo likhala litatsekemera!"

Sindinaone kuti pabwalo pafika mlendo. Che Bwanali, ali mumkanjo woyera wa Lachisanu, anapatuka pochokera kumzikiti kudzatsimikiza za mawa. Anali atakhala pampando wanga, chipewa chili pabondo.

"Aphunzitsi," anatero mofatsa, "tabwerezani. Khutu langa lakumanzereli limandinamiza nthawi zina."

Ndinayesa kufotokoza. Ndinanena za sitachi, ndinanena za shuga, ndinawaonetsa pepala, ndinawasendezera kapu kuti adzionere okha. Iwo anabweza mpando m'mbuyo.

"Pepani aphunzitsi. Ife tinavomera kudzamwa thobwa. Sitinavomere kudzamwa aphunzitsi."

"Koma m'mbiyamo sindinalavuliremo ayi!"

"Simunalavuliremo, kapena simunayambe?"

Anavala chipewa, anaimirira. M'maganizo ndinaona munda wanga uli tsekera lokhalokha mpaka Khirisimasi, ndinadziona ndanyamula bokosi langa la mapepala pamutu, ndikutsetsereka kuchigwa, kubwerera kwathu.

"Che Bwanali, takhalani kaye pansi." Anali apongozi, akuyang'anabe nkhokwe. "Esinati, kwera pamtondo, upise dzanja kutsindwi kwa khitchini, pakona ya kum'mawa."

Esinati anatsika ndi kamtsuko kotseka ndi chisononkho. Munali chimera.

"Kuyambira Lolemba ndakhala ndikuwaona amuna akowa akuzungulira lichero langa ndi pepala," anatero apongozi. "Ndinati ayi, awa atichita kanthu. Ndinapatula theka."

Mumve bwino pamenepa. Anandikayikira ndisanalakwe chilichonse. Ine mpaka lero ndimati kumeneko kunali kundilakwira, ngakhale kuti ndi kumene kunandipulumutsa.

Che Bwanali anavomera kukhala, koma anaika malamulo awiri. Loyamba, iwo eni akhala pafupi ndi mbiya monga mboni mpaka zitavundikiridwa. Lachiwiri, ine ndikakhale pachulu, kumalire a bwalo, poonekera, pakamwa potseka. Ndinapita. Mphunzitsi wa satifiketi, ndi tayi yemwe, pamwamba pa chulu, nkhuku zikundiyang'ana.

Kuchokera pamenepo ndinaona zonse. Apongozi anasolola nkhuni zanga zija imodziimodzi, mokhala ngati iliyonse akuitchula dzina langa. Anathira madzi ozizira pang'ono, anatakasa, anadikira. Kenaka anapisa kachala kakang'ono m'phala n'kukachotsa msanga. Anadikiranso, akucheza ndi Che Bwanali za mtengo wa matemba. Anapisanso, ulendo uno kachala kanakhalamo, iwo akupukusa mutu pang'ono ngati akumvetsera munthu akulankhula chapatali. Ndiye anawaza chimera. Opanda wotchi, opanda pensulo. Sipanapite nthawi, mthiko umene unkafuna manja awiri unayamba kuzungulira ndi dzanja limodzi, phala likulira kuti khuvu khuvu.

Ndinalephera kupirira. "Imeneyo ndiye enzaimu!" ndinakuwa.

"Tsekani pakamwa, aphunzitsi!" anayankha Che Bwanali, atatchinga mbiya ndi chipewa. "Mphepo ikuchokera kwanuko!"

Chakumadzulo analiwiritsanso monga amachitira, n'kulivundikira, ndipo Che Bwanali anamanga okha luzi pa zivundikiro zonse ziwiri.

Ndinali nditaitana anthu makumi awiri, koma m'mawa mwake anabwera oposa makumi atatu, ena ochokera kutsidya kwa mtsinje, makasu paphewa, kudzaona mphunzitsi wolavula. Asanafike pakati pa munda anali atapeka kale nyimbo. Wina ankatsogolera kuti "Aphunzitsi, mezani!" onse n'kuvomera kuti "Mezani, mezani, thobwa n'lathu!" makasu akugwera pamodzi pa liwu lililonse. Ndinalima nawo, matuza mpaka kuphulika, ndipo ndivomere kuti nyimboyo inali yokoma kulimira. Ndinapezeka ndikuvomera nawo. Dzuwa lisanafike pamutu munda wonse unali mizere yokhayokha, mpaka kumiyala. Thobwa linali lotsekemera moti mkulu wina ananyambita chikho n'kufunsa ngati aphunzitsi sanathandizeko pang'ono. Anthu anagwa nacho chiseko, apongozinso, atafulatira, mapewa akugwedezeka. Ine anandithirira langa m'kapu yanga ija, ndipo anandiuza kuti ndikamwere kuchulu.

Tsopano ndinene chimene sindinauzepo munthu, ngakhale Esinati mpaka tsiku limene anatisiya.

Lamulungu titabwera kutchalitchi ndinatenga pepala lija kuti ndilembe kalata yodandaula kwa amene anatiphunzitsa zabodza. Polisalaza patebulo, linatembenuka. Kuseri kwake, pamwamba penipeni, ndi dzanja langa lomwe, panali mawu opitiriza: "Koma kutentha kukapitirira, monga kwa madzi owira, enzaimu imafa, ndipo sidzukanso." Amenewanso ndinali nditawadula mzere. Katatu.

Mapepala ankasowa nkhondo itangotha, ndiye tinkalemba mbali zonse ziwiri. Limenelo si vuto langa. Komanso mphunzitsi wolongosoka sayika "koma" kuseri kwa tsamba. Komabe, chimene chinali kuseri kwa pepala langa, mawu ndi mawu, ndi chimene apongozi anauza nkhokwe: n'chamoyo, achipha. Ndinalibwezera m'bokosi, pansi penipeni, kuseri kwake kutayang'ana pansi.

Chiyambire tsiku limenelo pepala lililonse ndimalitembenuza, ngakhale tikiti ya basi. Pa mbiya ya thobwa sindinaloledwenso kuyandikira, ndipo sindidandaula kwambiri. Chimene ndikukana n'chakuti nkhaniyi izikambidwa ngati kuti zonse zinalephereka. M'kapu muja phala linasungunuka. Ndinaona ndi maso anga, ndinalemba, ndipo ndine wokonzeka kubwereza pamaso pa aliyense wokayika. Kapuyo ikadalipo, ili pawindo. Ndaitsuka ndi phulusa, ndi mchenga, ndi sopo wa mitundu yonse, kwa zaka makumi anayi. Mlendo aliyense ndimayamba kumupatsa imeneyo.

Onse amati alibe ludzu.