Siwichi ya Hita ndi Ukwati wa Mlamu Wanga

Lolemba

Komiti ya ukwati yakumana dzulo, ine osaitanidwa. Uthenga wabwera ndi mayi a kunyumba. Akuti mlamu wanga Tiyamike, chitsirizira cha apongozi, akwere galimoto iti Loweruka popita kutchalitchi ku Lisasadzi, yanga kapena ya a Mwale?

Limenelinso ndi funso?

A Mwale ndi mkamwini mnzanga, kalaliki wa ku boma. M'banja muno alowa dzanadzanali, galimoto agula chaka chatha. Ine zaka khumi ndi zinayi. Pikapu yangayi, ya zitseko zinayi, yanyamulira banja lino:
njerwa za nyumba ya apongozi,
manyowa,
mabelo a fodya a alamu onse,
odwala,
mabokosi atatu a maliro.

Lero akuti ndi yozizira. Akuti galasi limachita nthunzi m'mawa, ndiye ndimapukuta ndi chipewa uku ndikuyendetsa. Akuti apongozi chifuwa anachitengera mmenemo. Chifuwa cha Julaye chili mudzi wonse, koma chawocho basi chachokera kwa ine!

Chigamulo: hita yotenthetsa m'galimoto ikagwira pofika Lachinayi, mkwatibwi akwera yanga. Ikakanika, ine mipando ndi nkhuni.

Hitayo inafa kalekale. Ndayamba lero lomwe. Fyuzi ili bwino. Ndamasula mota ya fani pansi pa dashibodi, ndayiika pamkeka, mawaya awiri molunjika ku batire. Vuuu! Ili moyo. Ndiye kuti wolakwa ndi siwichi, kanthu kochepa ngati bokosi la machesi. Mawa ndigula, ndimanga, nkhani yatha. Nkhunizo akanyamule a Mwale pamipando yawo yawofuwofuyo.

Lachiwiri

Boma. Fumbi, mphepo, masitolo asanu a sipeyala. Siwichi yakufayo ili m'thumba la malaya, ndikuionetsa paliponse ngati chiphaso cha kuchipatala.

Mayankho:
"Galimoto imeneyi ikadayendabe?"
"Bwerani Lolemba, tiitanitsa ku Lilongwe."
"Hita, bwana? Ku Kasungu kuno? Gulani jekete."
Wachinayi wangoseka. Wachisanu waitana mnzake kuti adzaseke limodzi.

Potuluka, tsoka, a Mwale. Atsitsa galasi ndi chala chimodzi, osapukusa chilichonse, kuti ndione. "Akulu, musadzivute. Aliyense ali ndi mphatso yake." Ndamwetulira mano okha. Mumtima muli moto.

Mphatso yanga akuti ndi nkhuni, eti?

Kunyumba mapesi a fodya akadali chiimire m'munda, anzanga anazula kale. Adikire. Ulemu uyambe.

Lachitatu

Ku Njombwa, kwa a Gondwe, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango. Ali ndi galimoto yakufa yofanana ndi yanga, nkhuku zikuikiramo mazira. Tazula siwichi.

Yanga ili ndi miyendo isanu. Iyi inayi.

A Gondwe akuti, "Wachisanuwo azungu amangokongoletsera."

Ndawakhulupirira. Munthu wamkulu, wa ndevu, ndakhulupirira! Kufika kunyumba, kulumikiza, kupotokola kiyi. Thee! Kautsi, ndi fungo la pulasitiki yopserera.

Omwalira lero:
fyuzi,
siwichi ya a Gondwe,
wailesi ya m'galimoto, imene sinalakwire munthu,
kachotsekera ka dashibodi, kathyoka pokanula,
masikuluwu awiri, alowa mumchenga osatsanzika.

Chala chachikulu chatupa, pulayasi yandiluma.

Mayi a kunyumba aima pakhomo manja m'chiuno. "Bwanji osangovomera mipandoyo? Anthu akakhala pati popanda mipando?" Mkazi wanga weniweni, amene ndinamutenga pa njinga yobwereka, lero akuyankhulira komiti. Ndapitiriza kufufuza masikuluwu anga mumchenga. Ndikayankha zikafika kwa mayi ake dzuwa lisanalowe.

Ndatopa, ndakwiya, ndipo mawa ndi Lachinayi.

Lachinayi

Ndapita kwa Che Adamu pa sitolo kukagula fyuzi. Amva nkhani yonse, agwedeza mutu, atsitsa kabokosi pashelefu. Siwichi yoyera, ya babu la m'nyumba. "Magetsi ndi magetsi, achimwene. Sadziwa kuti ali m'nyumba kapena m'galimoto."

Munthu yekhayo wanzeru m'dera lino!

Ndaikhomera pa kathabwa, kathabwako ndamangirira pa dashibodi ndi waya. Ilibe za pang'onopang'ono ayi. Kuyatsa ndi kuzimitsa basi, ikayaka ndi mphamvu zonse. Zili bwino, ifenso sitichita zinthu mwatheka.

Masana komiti yafika, anthu anayi, atcheyamani patsogolo ndi kope lawo. Mota ikadali pamkeka, mawaya atalikitsidwa kuchokera m'galimoto. Ndawapatsa atcheyamani ulemu woyatsa okha. Khethe! Vuuuu! Mapepala a m'kope kuuluka, nkhuku kuthawa.

"Koma ikutentha?"

"Ikabwerera m'malo mwake itentha."

Anong'onezana. Chigamulo: mkwatibwi, womuperekeza wamkulu ndi apongozi akwera yanga. A Mwale atenga keke, azitsatira pambuyo.

Pambuyo! Ndalemba kawiri kuti ndiziwerenga. Azidya fumbi langa kuchokera pano mpaka ku Lisasadzi.

Lachisanu

M'mawa wonse chagada pansi pa dashibodi, miyendo panja. Mota yabwerera m'malo mwake. Masikuluwu atatu m'malo mwa asanu, kwinako waya. Ndidzuke, ndiyese ili m'kati.

Kupotokola kiyi, zii. Kutsegula boneti, batire palibe.

Alamu atenga. Ndili chigonere pansi pomwepo, azula batire osaodira, akuti zokuzira mawu zikufunika kuti operekeza akonzekere masitepe ovina. Ibwera mawa m'mawa. Ndatumiza mawu kuti ndingobwereka mphindi zisanu, batire yanga yomwe. Yankho: "Nanga si munayesa dzulo pamaso pa komiti?"

Manyowa akafuna, kwa ine. Batire akafuna, kwa ine. Ya a Mwale sangaigwire, akuti ikachotsedwa galimotoyo imasokonezeka mutu.

Madzulo amayi a zokongoletsa alanda galimoto. Maliboni, mabaluni, maluwa a mapepala. Mipando ayala nsalu zoyera za kwaya. Siwichi ya Che Adamu aimangira kariboni kapinki. Andiletsa kulowamo ndi zovala za kumunda.

Ndaima patali ndikuyang'ana. Kunena zoona yakongola. Misozi inatsala pang'ono.

Loweruka

Batire yabwera itatheratu. Galimoto ya mkwatibwi yalira mochita kukankha, amuna asanu ovala masuti. Chiyambi chimenecho.

Tanyamuka. Apongozi kutsogolo, duku latsopano. Tiyamike kumbuyo, diresi loyera mbee, mikono pamtunda, akunjenjemera ndi chisanu. Mawindo onse atseka kuopa kuwononga tsitsi. A Mwale pambuyo ndi keke yawo.

Kutsikira kudambo, nkhungu. Galasi layamba nthunzi. Dzanja lapita lokha ku chipewa, ndalibweza.

Apongozi: "Tayatsani chija tione."

Ndakhosomola pang'ono, mwaulemu. Khethe!

Mayo ine.

M'mabowo onse a mphepo mwatuluka chimtambo chofiirira. Fodya. Pomwepo m'pamene ndakumbukira. Chaka chimene hita inafa makoswe ankalowa kudzadya mawaya, ndiye ndinachita zimene mlimi aliyense kuno amadziwa, kufinyira zinyenyeswa za fodya m'mabowomo, khoswe sapirira fungo lake. Chaka chilichonse tikamaliza kudinda mabelo ndimawonjezera dzanja limodzi, kukankhira m'kati ndi kamtengo. Wauma mmenemo zaka zonsezi, wasanduka ufa ngati fodya wa mphuno. Ine sabata yathunthu maso pa siwichi, mabowo osawaganiza n'komwe.

Etsi! Etsi! Etsi! Anthu anayi nthawi imodzi. Maso osaona, ndikufufuza siwichi, ndikugwira riboni. Mawindo a kumbuyo amafuna pulayasi kuti atseguke. Pomwe ndaimitsa, zonse zatha kale.

Tiyamike: diresi lasanduka la khaki kuyambira pachifuwa mpaka m'maondo, zodzola za kumaso zikutsika ndi misozi. Apongozi: duku lagwa, akuyetsemula mogwira chitseko, sakutha ngakhale kunditukwana.

A Mwale aima, atuluka ndi botolo la madzi ndi kathaulo koyera. Sanaseke. Bola akanaseka! Keke aipakatitsa womuperekeza, onse atatu alowa mwawo, abwerera kumudzi kukapukuta diresi.

Ine andiuza nditsogole ndikauze abusa kuti adikire.

Ndafika patchalitchi ndi mabaluni anga. Amayi kuona galimoto yokongoletsedwa, nthungululu, nyimbo, zitenje kuyala pansi, wojambula kuthamanga cham'mbuyo. Mkwati watsegula yekha chitseko cha kumbuyo akumwetulira. Mulibe munthu. Wayetsemula.

Amati tsoka silinunkha. Langali mpingo wonse walinunkhiza.

Ukwati wachedwa maola awiri. Kumadyerero woyendetsa mwambo poitana akamwini kuti adzafupe wati, "Tiyambe ndi a Mwale. Enawo afupa kale m'mawa, belo lathunthu." Anthu kugwa nacho chiseko. Ndavina ndithu, nanga ndikanatani?

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Mayi a kunyumba apita okha, sanandiyankhule chiyambire dzulo. Tiyi ndapeza pa tebulo atazizira.

Ndachotsa mabaluni. Ndatsegula zitseko zonse, ndayatsa siwichi. Fodya yense anathera pa mkwatibwi. Mphepo ikutuluka yoyera, yofunda bwino, galasi kuyera pa mphindi imodzi. Pa zinthu zonse zimene ndakonzapo m'moyo wanga, palibe chimene chinagwira bwino chonchi.

Cha m'ma teni foni yalira. Atcheyamani. A Mwale amaperekeza akwati kwawo kwa mwamuna ku Lukwa, galimoto yatitimira mumchenga pa kamtsinje, yakhalira mimba. Akwati ali pansi pa mtengo. Pakufunika yokoka.

Ndati bwanji akwatiwo ndingowatenga ine, ndikawasiye, galimoto tikoke pobwerera. Hita ikugwira tsopano.

Foni aipereka kwa apongozi, mawu akadali osasa. "Ayi bambo, ingokokani. Anawo apitirize ndi galimoto yomwe anakwera. Ya a Mwale ndi ya anthu, yanuyo ndi ya ntchito."

Zaka khumi ndi zinayi, ndipo anena mofatsa, ngati akundiyamikira.

Ndati chabwino amayi.

Chingwe ndatenga. Khasu ndatenga. Ndikupita.