Ndinazira Malo Ogona Motoka ya Apongozi

Mpaka lero, motoka ikatitimira pafupi ndi mudzi wathu kuno ku Rufunsa, anthu sathamangira amuna a mapewa. Amathamangira ine. Musaseke, khalani bwino ndikuuzeni. Ine ndinangofuna kupereka ulemu chabe.

Zinali zaka zija motoka za ku Japani zitangoyamba kudzaza Lusaka. Mwana wanga Esinati anabwera kumudzi kudzadikira mimba yake yoyamba, monga timachitira. Mwamuna wake, a Sakala, makanika wa m'tauni, anatumiza mawu kuti abwera kudzamuona, ndipo abwera ndi motoka yawoyawo. Motoka pakhomo panga! Ine amene ngakhale wilibala ndinali kubwereka.

Manje kwathu mlendo waulemu sumugoneka pafumbi. Ndinati motoka nayonso ndi mlendo. Ndinapita kudambo, ndinatapa dothi lakuda lija lonanda, kusakaniza ndi ndowe, nkuzira pansi pa mtengo wa mango. Ndinasalaza ndi mwala mpaka panawala ngati mbale. (Mkati mwa nyumba yanga simunaziridwepo chotero, ndikuuzani.)

Motoka inafika, yofiira, yogwada pansi ngati ikupereka moni. A Sakala anaiika pamalo panga paja, mtima wanga mbee. Koma dziwani kuti ine ndi apongoziwo tinali kuopana. Sitinali kuyang'anana kumaso, sitinali kukhala pafupi, mawu onse anali kudzera kwa Esinati. Ndiye ndinamvetsera ndili kuseri kwa nkhokwe pamene anali kudzitama kwa amuna a m'mudzi.

"Iyi ili na tabo, chowonjezera mphamvu ya injini, madala," atero a Sakala. "Mwendo uwu upondereza buleki, uwu upondereza mafuta. Injini ikuwa, ikuwa, tabo iliza mluzu, fwiiii! Ndiye uchotsa mwendo pabuleki. Pa tala ya mu Lusaka, minibasi zimangoona utsi."

Amuna onse: "Eee! Eee!" ngati amva. Palibe anamvapo kanthu.

M'mawa kunagwa kamvula kowaza. Mvulayo itangokata, Esinati anandigwira dzanja. "Amama, yayamba." Ine sindinachite phuma, ndabereka ambiri ine. Koma anamwino anali atanena kale kuti mwanayu wakhala moipa, asabadwire pakhomo, tithamangire kuchipatala cha mishoni ku Mpanshya. Ndinati palibe vuto, motoka ilipo.

Esinati analowa kutsogolo. Ine ndinaima patali ndi beseni ndi zitenge, kudikira kuti motoka ituluke pamtengo, ndilowe kumbuyo mwaulemu. A Sakala, ndi mantha a mwana woyamba, anachita chimene miyendo yawo inazolowera. Vuuuu! Vuuuu! Fwiiii!

Motoka sinapite. Matayala akumbuyo anazungulira pamalo amodzi, matako a motoka nkumavina uku ndi uku ngati namwali. Dothi langa lija litanyowa linali sopo weniweni.

Ndinaika beseni pansi, ndinamanga chitenge, nkupita kumbuyo kukakankha. A Sakala anandiona pagalasi. Munthu wina akanakuwa kuti, "Chokani kumeneko!" Koma angakuwire bwanji apongozi? Ndinangomva kamawu kaulemu: "Esinati, uwauzeko amama kuti mwina, ngati nkotheka, asunthireko pambali."

Esinati ali, "Mayo ineee!" Uthenga unafera pomwepo.

Fwiiii! Ana anga, zonse zimene ndinazira zinabwerera kwa mwini wake. Kumaso, m'khutu, m'kamwa. (Ndowe ya ng'ombe si yowawa kwenikweni, koma sindikulangizani.) Matayala anakumba maenje, motoka inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira.

Apa a Sakala anatuluka, anagwada poteropo, nkuyamba kukamba ndi mtengo wa mango, pakuti ine sakanandiyang'ana. Ati mphamvu yachuluka, matayala alibe pogwira. Ati aphwetsako mpweya, aikapo nthambi, koma kumbuyo kwapepuka, kufunika chinthu cholemera pamwamba pa matayala penipeni. Ati, "Kaya pali thumba la chimanga..." Chimanga mwezi wa mvula? Anayang'ana nkhokwe, anayang'ana kumwamba, anakhosomola.

Esinati anatulutsa mutu pawindo. "Amama! Akunena inu! Ndinu wonenepa! Lowani m'buti, ine ndikufa kuno!"

Ndinalowa m'buti. Chitseko chake chili yasa, miyendo ili panja, beseni pamimba. Motoka inati nyekee. Ndipo nthawi iyi a Sakala anaponda pang'onopang'ono ngati akuponda mazira a eni ake, mluzu osalira. Matayala analuma nthambi zija, tinatuluka bwinobwino. Amuna a tabo aja anaomba m'manja. Ine ndinakweza dzanja ngati mkazi wa bwana.

Panalibe nthawi yoima kuti ndituluke m'butimo, ndiye njira yafumbi yonse tinayenda mwaulemu. Ndinayamba nkuimba nyimbo ya kutchalitchi. Koma titafika pamsewu waukulu tinaima kuti lole idutse, ndipo Esinati anakuwanso. Ndiye ndinamva: vuuuu, vuuuu. Ndinati, "Ambuye, mluzu uja." Pa tala matayala amagwira, ana anga, makamaka ine nditawakhalira. Fwiiii! Mitengo inathawa. Miyendo inanditsogolera kunja, ndinakola mkono pachitsulo, chitseko cha buti chinandigogoda pamutu, beseni linapita ku Lusaka lokha.

Pamenepo ulemu unatha. Ndinakuwa, "Iwe Sakala! Iwe! Ufuna kupha amake mkazi wako?" Dzina lake, pakamwa panga, pamsewu wa boma!

Ndipo iye anayankha, molunjika, koyamba chikwatirire: "Gwirani zolimba, amama!"

Titafika, azimayi odikira odwala pabwalo anaona chimunthu chamimba, chakuda bii, chikubuula m'buti. Anandinyamula ine. "Pepani mayi, limbani mtima, mwafika." Esinati anatuluka yekha nkudziyendera. Ndinachita kulumbira kuti mimba iyi ndi yanga yakale, mulibe munthu.

Mwana anabadwa dzuwa lisanapendeke, wamkazi, anatulukira matako, koma wamoyo. Anamwino anati tikanachedwa zikanavuta. A Sakala analira, ine ndinalira, tinapezeka takhala benchi imodzi, tikudya chinangwa chimodzi. Kuopana kunathera pomwepo, popanda mwambo, popanda nkhuku.

Ndiye chimene ndinaphunzira nchakuti motoka siigonekedwa pozira. A Sakala akabwera masiku ano amaimika pamiyala, ine nkukhala kutsogolo. Koma tikafika pa tala ndimayang'ana uku ndi uku, ndikaona kuti Esinati akuwodzera, ndimawakodola: "Apongozi, kalizeniko kamluzu kaja."