Chapa ya Bwana ndi Zero wa Jacinta

Kwa Wolemekezeka Senyolo Mkulu wa Nzeru za Makompyuta m'Masukulu,

Bwana,

Ndagwada, ine Carlota, kamphunzitsi ka kuno kuseri kwa Mualadzi, kuthokoza buku lanu lophunzitsa ana kuganiza mwadongosolo ngati kompyuta. Kompyutayo sitinaione, koma chithunzi chake pachikuto n'chokongola zedi.

Choyamba, zikomo chifukwa cha funso la pamayeso a kumapeto kwa chaka, loti mwana alembe mwatsatanetsatane mmene amafikira kusukulu. Yankho munatitumiziratu kuti tisadwale mutu ndi kuganiza: kudzuka, kutsuka mano, kukwera chapa, kutsika pakhomo la sukulu. Ana makumi atatu analoweza n'kukhoza bwinobwino, ngakhale galimoto yonyamula anthuyo sinapondepo kuno chilengedwere dziko.

Chachiwiri, ndikupepesa chifukwa cha Jacinta, mwana wa a Zakariya. Mtsikana wosamvayu analemba za m'mutu mwake. Akuti ukafika pamtsinje, uyang'ane mwala wapakati. Ngati ukuoneka, uwoloke. Ngati wamira, utsate gombe mpaka pamtengo wogwa. Ngati mtengonso wamira, ukhale pansi, uwerenge mpaka zana, uyang'anenso, uzibwereza choncho mpaka madzi ataphwa. Anajambulanso timivi tosonyeza njira iliyonse, ndi kamunthu kosenza mabuku pamutu. Chipongwe chotere! Potsata pepala lanu la mayankho ndinamupatsa zero, ndipo kunena zoona, bwana, mtima ukundiwawa mpaka lero.

Chachitatu, mwathandiza ulimi. A Zakariya akuti mwana wolephera sabwereza kalasi, khasu likumudikira. Chondizunguza mutu n'chakuti m'dzinja anzake okhoza aja ankaunjikana pamtsinje kudikira Jacinta yemweyu kuti awauze powolokera. Chaka chamawa sindikudziwa adzadikira ndani. Koma inu munaphunzira kutali, muyenera kuti munaziganizira kale.

Pempho langa n'laling'ono. Ndiloleni ndifufute zeroyo sukulu isanatsegulidwe mu Fevereiro, mvula ili pakati. Ngati n'zosatheka, mubwere mwezi womwewo mudzatisonyeze nokha yankho lolondola, kuyambira pakhomo pa a Zakariya. Mswachi tidzakupezerani. Mpando wodikirirapo chapa uliponso. Mukadzatopa n'kuyamba wapansi, pamtsinje musadzaope ngakhale mwala utamira. Munda wa a Zakariya uli pomwepo. Mudzangoitana wa zero uja, adzasiya khasu n'kukuwolotsani.

Ine wanu wosayenera kukupukutirani nsapato,

Carlota Andreya
Mphunzitsi, Chifunde