Tsiku Limene Apongozi Anagwira Gwedeza

Anzanga, ntchito yanga ndi masewero, pa siteji ndi pa wailesi, moti muno mu Kabwe nkhope yanga ambiri saidziwa koma mawu anga afika mpaka ku komboni ya Makandanyama. M'sewero la pa wailesi ndimakhala Gwedeza, chidakwa chimene chinathawa mkazi ndi ana. Ndiye tsiku limene Tisa, bwenzi langa, ankandiperekeza ku Kasanda kukaonekera kwa amayi ake, anandinong'oneza m'minibasi kuti, "Amayi saphonya sewero ija, ndipo Gwedeza amamuzonda maningi, amadana naye koopsa."

Ndinati palibe vuto, kusintha mawu si ndiyo ntchito yanga?

Tafika, ndagwada, ndapereka moni ndi liwu la pansi pa mmero ngati la wansembe wokalamba. Amayi anandiyang'ana mwachisoni. "Mwana wanga, chifuwa ichi chinayamba liti? Kapena ni fumbi ya ku mgodi?"

Inu mukanayankha chiyani? Ndinavomera chifuwacho. Posakhalitsa kapu yafika, madzi otentha a mandimu, jinja ndi adyo, ndamwa misozi ikutsika, iwo n'kuthiranso, ndamwanso. Nkhuku itabwera anati wachifuwa sadya zamafuta, ine anandipatsa chibwabwa, masamba a maungu, Tisa akutafuna ntchafu mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Madzi aja atafika pofika ndinapempha njira ya kuchimbudzi. Palibe anandiuza kuti kuseri kuli galu. Chinanditulukira chigalucho, ndinadzaona ndili pamwamba pa khola la nkhuku ndikukuwa ndi mawu anga enieni, "Mayo ine, ndafa!"

Amayi anatuluka, nathamangitsa galu, n'kuima phee. "Bwerezani," anatero. Ndinabwereza motsitsa. "Gwedeza. Pa nyumba yanga."

Ndinati ndifotokoze kuti ndi sewero chabe, koma anali atatuma kale mawu kwa anzawo a m'kwaya ya ku tchalitchi. Khonde linadzaza azimayi, ine pakati pa kampando, kuyankha mlandu wa ana omwe sindinaberekeko. Ankaseka mpaka kugwira nthiti, koma sanandimasule mpaka nditalonjeza kuti ndisiya mowa ndipo ndibwerera kwa mkazi wanga. Pamenepo amayi anati, "Manje mungamukwatire Tisa."

Munamvapo mkamwini wopatsidwa mkazi chifukwa walonjeza kubwerera kwa mkazi wake? Ndine. Lero apongozi amandipatsa ntchafu zonse ziwiri, koma zosintha mawu pakhomo pa eni, ine ayi, ndinasiyira pomwepo.