Mkono wa mu Vidiyo ya Ba Masauso

Ngenani, ngenani bonse. Kunsi kwa bedi uko. Dalitso choka pa windo iwe, ufuna bakuone? Amene azakosomola nizamutsina.

Imwe bazimai ba mu gulupu yathu ya pa foni, kwezani voliyumu, siningakambe mokweza. Nagwada kumbuyo kwa chitseko, mwana ali ku msana. Panja pali banthu, mwina mubamvela. Vamene nachita lelo ni va nsoni maningi, koma bwino nikuuzeni neka mukalibe kuvimvela ku pompi, chifukwa ba ku pompi bazaikilako na mchele.

Ndine amake Dalitso, wa kuno ku Chawama. Bamuna banga ba Masauso ni ba DJ, bamaliza nyimbo ku maukwati na ku ma kitchen party, yaja maphwando ya bazimai yolangiza mkwatibwi. Manje mulongosi wabo Tisa, mulamu wanga, amasebenza mu shopu ya makompyuta mu tauni. Ni eve anayambitsa vonse ivi, ndipo nikalibe kumukhululukila. Anabauza kuti masiku yano munthu wa bizinesi afunika website, ija peji ya pa intaneti yamene banthu bamatsegula kuti baone nchito yako. Anabapangila, anaikapo na vidiyo yabo bali kuliza nyimbo.

Kuchokela apo ba Masauso benze chabe kudandaula. Ati vidiyo siinakhale pakati. Ati pa kompyuta ya Tisa ioneka bwino, koma ukatsegula pa foni ni ikulu maningi, yathabila kumbali, mbali ina siioneka. Ine sininaikeko nzelu. Mwana ali kumela meno, vochapa vili mbwee, malaiti kulibe, ine nizikhala pansi kuganizila vidiyo yopendama? Sininaitsegule na kuitsegula.

Lelo kuseni ba Masauso banapita ku tauni kukonzetsa sipika. Posachedwa kwabwela amake Junior, neba wanga wa chitseko chachibili, ati apempha moto wa pa mbaula. Koma nkhope yake yenze ya pa malilo. Moto namupatsa, sachoka. Anifunsa ngati naiona peji ya bamuna banga. Nati iyayi. Apumila m'mwamba, ati eve si munthu wopasula manyumba ya banzake, koma Mulungu angamulange akakhala chete. Atenga foni yanga, atsegula, anipatsa.

Bazimai.

Ba Masauso bali apo kumbuyo kwa makina yabo, meno yonse panja, kuseka kwamene ine nikalibe kukuona mu nyumba muno. Ndiye kumbali uku, pamene pathela foni, patuluka mkono. Mkono chabe, wa mukazi, nkhope kulibe, thupi kulibe. Wabapukuta thukuta pa mphumi. Wabwelela. Watulukanso na mwendo wa nkhuku, wabaika mu kamwa. Beve baluma, baseka. Mkono wabatsina tsaya, wabakoka na ndevu.

Ndevu zamene ine nimagulila mafuta.

Pa phewa penze kuoneka kansalu ka yelo ka nkhanga. Nachidziba pamene apo. Ni chitenge cha komiti ya kitchen party ya mwana wa ba landiledi bathu. Mudziba mwamene timachitila, ba komiti bonse kusoketsa chitenge chimodzi. Na ine nenze mu komiti ija, tenze bambili, tonse nkhanga zekazeka.

Amake Junior anifunsa mochenjela kuti kapena ndine.

Namuyang'ana kuchokela ku mutu kufika ku mendo. Ine? Mkono uja? Ine kwathu ku Katete benze kuniitana kansungwi chifukwa cha kuonda. Uja mkono wenze ngati munsi wosinjila nshaba, nyama ili kugwedela kunsi, chigongono chakuda ngati kunsi kwa poto. Namuuza kuti akanifananizanso na chinthu chija, moto azikapempha kwina. Ati sole, enze kufunsa chabe.

Tayamba kubelenga ba komiti umodzi umodzi. Uyu ni woonda. Uyu ni woyela. Uyu anavala ya manja yatali. Mu yadi yonse, mkono wa saizi ija uli na munthu umodzi chabe, bana Chanda, ndiye kuti amake Chanda, ba landiledi, bamene tikhala mu nyumba yabo.

Apo vinthu vinayamba kulumikizana mu mutu. Bana Chanda ni bamasiye. Babu ya malaiti ikapsa, baitana ba Masauso. Wailesi ikaleka kukamba, ba Masauso. Mwana wabo Chanda ni chimunthu chonyamula masaka ku maliketi, alipo mu nyumba, koma babu ifuna bamuna banga. Ndipo bakabaona bamati "DJ wandi". Wandi, ndiye kuti wanga! Ine nenze kuseka nabo, chitsilu ine.

Natumila ba Masauso, foni yozima. Natumila Tisa. Sininamupatse na moni. Namuuza kuti nadziba, wajuba vidiyo dala, wadulako mbali ina, kuti ubise uja mukazi, chisumbali cha ba kalongosi bako, imwe ba banja limodzi mumabisilana. Eve ayamba kunifotokozela va sukulu. Ati palibe chamene wajuba, vidiyo ni yonse, koma bokosi yamene anaiikamo ni ikulu kuchila foni, so yakanilila ku mbali imodzi, inayo yatuluka panja. Ati ni vamene ba Masauso bakhala bamuvutitsila, ali pa kompyuta manje manje, azaichepetsa ikhale pakati, niyembekeze pang'ono nitsegulenso.

"Koma mulamu," ati, "uja mukazi ni..."

Najuba foni. Boza ya banthu bophunzila nimaidziba, imabwela na chizungu.

Kuyembekeza? Ine? Namanga mwana ku msana, namanga chitenge china mu chiuno cholimba, ija mangidwe ya nkhondo. Amake Junior ati ali kumbuyo kwanga. Nikuuzani, uja mukazi nikamugwila, koma lekani nitsilize.

Ku pompi kwenze kodzala, madzi yenze yangobwela kumene. Bazimai ba mu yadi, ba mayadi ya pafupi, vigubu pa mzele. Bana Chanda bali apo bachapa bulangeti, manja ya dilesi bapinda kufika ku phewa. Mkono uli poyela. Mulungu anikhululukile, ninaona ngati ni umboni wochoka kumwamba.

Sininapeleke ulemu. Nabagwila mkono, nautembenuza kuti nione chigongono. Beve badabwa, banifunsa ngati mwana wadwala. Nabauza kuti wodwala ni beve, matenda yofuna bamuna ba bene. Nakamba va babu. Nakamba va wailesi. Nakamba kuti munthu wa msinkhu wabo afunika kugwila Baibo, osati ndevu za ba Masauso. 

Bana Chanda baimilila pang'onopang'ono, thovu ili kugwa ku manja.

"We mwana, wapena?"

Bafuna kuchotsa mkono wabo, ine nakoka, beve bakoka, dzanja yanga yapita ku mutu. Sininafune, nilumbila. Koma wigi inabwela. Inakhala mu dzanja yanga ngati nkhuku yakufa, ndipo pothaba kuigwila ninaiponya mu beseni ya bulangeti.

Banthu bayamba kunizinga, bati nionetse umboni. Nati umboni ulipo. Natulutsa foni, natsegula peji ija, nadina vidiyo, naikweza m'mwamba kuyang'anitsa kuli beve. Ine sininayang'anepo. Niyang'anenso chani, nenze naiona kale kambili.

Ndiye nayamba kulalikila, foni ili m'mwamba. Nati onani mkono wa njovu uyo. Onani chigongono chamene chikalibe kuonapo mafuta kuchokela pamene chinabadwa. Mukazi wa nzelu angadyetse mwamuna pa gulu ngati mwana? Uyo ni chakolwa, alibe mwambo, kwabo sanalangiziwe, ndipo amene anamubala afunika kumvela nsoni.

Umodzi waseka. Naganiza aseka bana Chanda, nawonjezela moto. Wina wakhala pansi pa chigubu wagwila pa mimba. Wina aitana munzake ku nyumba kuti abwele na foni. Bana Chanda, mutu uli na tumangongo twa imvi, bafendela pafupi, bayang'anitsitsa, ndiye bayang'ana ine.

"Kweza bwino mayo, naine nione mwamene unakolewela."

Natembenuza foni.

Tisa enze wakonza. Vidiyo yakhala pakati bwinobwino, yonse yakwana, mbali na mbali. Ndipo kumapeto kwa mkono uja kuli munthu. Duku yapendama, nsapato imodzi kulibe, dzanja inayo yagwila kapu. Avina, agwa pa sipika, auka, atenga nkhuku pa mbale ya mwine, adyetsa ba Masauso. Atembenukila ku kamela, atulutsa lulimi.

Ndine.

Bazimai, ija siku bana ninabasiya kuli bapongozi. Kunabwela ka waini kaja ka mu bokosi, banati ni juwisi ya mphesa chabe. Nikumbukila tili kupeleka mphatso. Nikumbukila kuseni mutu uli kubaba. Pakati apo palibe, ndipo kulibe olo umodzi ananiuzako. Ine wamene nimaimba kwaya. Ine wamene ninauza yadi yonse kuti moba sininaulabepo.

Ndipo mkono. Kansungwi kanasila kale, imwe, bana batatu banakadya. Kagalasi ka mu nyumba muno ni kang'ono, kamaonetsa nkhope chabe. Nanga chigongono chako ungachione bwanji, chili kumbuyo? Ba Masauso bamagona pafupi na mkono uyu masiku yonse, osakambako olo kamodzi. Ni chikondi cha bwanji chamene icho?

Nayang'ana kumbuyo kufuna amake Junior. Kulibe. Chitseko chake chokhoma, na keteni watseka.

Nafuna kugwada nipepese, koma bana Chanda benze bavuula kale wigi mu beseni, ili kudontha. Bakamba mofatsa, ndiye vamene viyofya. Ati baninyamulila mwana nili mu chipatala, ati banibweleka mbaula, lelo nabavula pa banthu. Ati nyumba ni yabo, nizaona. Ndiye baitana Chanda. Namvela chitseko cha nyumba ikulu chatseguka, na mau ya chimunthu chija kufunsa kuti ni ndani wagwila bamai bake.

Sininayembekeze kuti bamuyankhe. Nathamanga. Bana benze kusobela pa khomo, nabakokolola bonse ngati nkhuku, nabakankhila mukati, nakhoma, naika na mpando. Ni pamene nayamba kukamba na imwe apa.

Manje bali kugogoda, mumvela? Sibaleka. Bana Chanda bali kukuwa, amake Mapalo mpongozi wabo naye ali kukuwa, ati tsegula, tsegula. Ine sinitsegula. Nyumba bangatichotse mailo, koma lelo Chanda sazanigwila.

Dikilani, yangena meseji. Ni ba Masauso, bayatsa foni. Ati, "Tisa wakonza, manje ili pakati. Tsegula uone mwamene unavinila, sweetie. Uonetseko na bana Chanda bazakondwela."

Bazakondwela. Uyu mwamuna akabwela nizamudyetsa sipika.

Lekani nione bana ngati bali bwino. Tulukani pang'ono, mitu chabe. Taonga ali ku msana, umodzi. Dalitso, babili. Chikondi, batatu. Na uyo wa kabudula ya blue, banayi.

Banayi?

Ine nili na batatu.

Mayo ine. Ni Mapalo. Muzukulu wa ba landiledi. Namukhomela mukati, ali apa adya chitumbuwa cha Dalitso, aniyang'ana. Ndiye chifukwa chake bali kuthyola chitseko. Kuseni nenze chabe wa nsanje, manje nakhala wakuba bana.

Bazimai, chinthu mukachiona hafu, khalani pansi muyembekeze hafu inayo, kambili imakhala ndimwe.